Funsani Amakaniko: Thanki ya mafuta kumbuyo kwa mpando, nanga moto ukabuka?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi yomweyo, ya mafuta. Sizodabwitsa ayi, munthu amene anagonapo pa mzere wa pa filling station amayamba kuganiza zoti tsiku lomwe awapeze atenge ochuluka kuti asabwerereko msanga, nde ena akuwonjezera mathanki, ena zigubu pansi pa mpando. Ndasankhapo asanu.

FUNSO: Amakaniko, ine ndili ndi Probox ndimanyamula anthu ndi katundu kuchoka pa Mangochi boma kupita ku Makanjira. Mafuta akavuta ndimatha masiku atatu galimoto ili chiimire, ana kunyumba akufuna kudya. Nde pali mkulu wina wowotcherera wandiuza kuti atha kundipangira thanki ina ya malita 40 tiike kumbuyo kuseri kwa mpando womaliza, pamwamba titchinge ndi matabwa ndi kapeti anthu osaiona nkomwe. Kodi pali vuto? Dalaivala, Mangochi.

YANKHO: Achimwene, vuto lilipo ndipo ndi lalikulu, ndikuuzeni mosabisa. Ndikumvetsa kuti simukuchita izi mwa matama, mukufuna ntchito iziyenda, koma zomwe wakuuzani mkuluyo musavomere.

Tiyambe ndi mmene Probox inapangidwira. Ilibe buti yapayokha ngati Corolla ya saluni, kuchokera pa chiwongolero mpaka chitseko chakumbuyo ndi chipinda chimodzi, mpweya womwe akupuma wokhala kumbuyo ndi womwewo uli pa katundu. Tsopano gwadani muyang'ane kunsi kwa galimotoyo muone pomwe a Toyota anaika thanki. Ili panja, kunsi, ndipo pakati pa thankiyo ndi anthu pali chitsulo cha pansi pa galimoto chomwe mumapondapo chija. Sanachite mwangozi. Chitsulo chimenecho ndiye khoma, thanki ikabooka mafuta amatayikira pa msewu osati pa miyendo ya anthu, moto ukabuka umayamba walimbana ndi chitsulo kaye anthu nkupeza mpata wotuluka. Kutsogolonso ndi chimodzimodzi, pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala pali khoma lachitsulo lomwe amakaniko timati firewall. Inu mukaika thanki mkati ndiye kuti mwalowetsa mafuta mbali ya khoma yomwe kuli anthu.

Anthu ambiri amaganiza kuti petulo ndi woopsa pokhapokha akatayika. Ayi, chomwe chimayaka ndi nthunzi yake, fungo lomwe mumamva lija ndi nthunziyo. Petulo amatulutsa nthunzi yoti itha kuyaka olo kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, nde ganizirani kutentha kwa ku Mangochi mwezi wa October galimoto itaima pa dzuwa magalasi otseka. Nthunzi imeneyi ndi yolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi, siikwera kumwamba nkutuluka pa windo, imatsika nkumayenda pansi ngati madzi, kulowa kunsi kwa mipando komwe kuli mawaya. Ndipo siifunika yambiri, ikangofika pakati pa 1.4 ndi 7.6 peresenti ya mpweya wa m'galimoto basi yakonzeka, chatsala ndi kasipaki kamodzi. Waya wa wailesi womangidwa ndi pulasitiki ya shuga, munthu woyatsa ndudu, waya wa nyali yakumbuyo wokhuzana ndi chitsulo, chilichonse.

Matabwa ndi kapeti si khoma achimwene, ndi nkhuni. Kapeti amamwa petulo ngati chingwe cha koloboyi.

Chinanso ndi malo omwe mukufuna kuikawo. Kumbuyo kwenikweni kwa galimoto kunapangidwa kuti kuzifinyika wina akakugundani, kuti mphamvu ya ngoziyo ithere pamenepo isafike kwa anthu. Mukaikapo thanki ndiye kuti ndi thankiyo ifinyike. Nkhaniyi olo makampani akuluakulu anaiphunzira mowawa. Ku America a Ford anapanga kagalimoto kotchedwa Pinto kuyambira 1971 mpaka 1980, thanki yake inali pakati pa ekiselo yakumbuyo ndi bampala, nde ikagundidwa kumbuyo thankiyo imakankhidwira pa mabawuti a difu, chibokosi cha magiya chomwe chili pakati pa ekiseloyo, nkubooka, paipi yothirira mafuta nkuzuka. Anthu anapsa, milandu inafika ku khoti, mpaka mu 1978 kampaniyo inaitanitsa magalimoto pafupifupi 1.5 miliyoni kuti akawakonze. Amenewo anali mainjiniya ophunzira okhala ndi malo oyesera magalimoto, ndipo thanki yawo inali panja. Yanuyi ikhala mkati, yowotcherera pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwa msana wa mayi wobereka mwana.

Ngati mwatsimikiza kuti thanki yachiwiri ikufunikadi, njira yabwino ndi kuifunira malo kunsi kwa galimoto, kutali ndi ekizozi, pomwe miyala ya msewu wa ku Makanjira siingaimenye, ndipo ngati malowo palibe ndiye kuti galimotoyo siingalandire thanki ina basi. Amene amaika mkati ndi a mipikisano, ndipo iwo amaitsekera m'bokosi lachitsulo lotsekeka mbali zonse, pothirira mafuta pamakhala panja pa galimoto, kapaipi kopumira thanki kamatulukira panja ndipo kamakhala ndi valavu yoti galimoto ikagubuduzika mafuta asatuluke, pansi pa bokosi pamakhala kabowo koti zotayika zigwere panja, thanki yomangidwa ndi malamba achitsulo ndi mabawuti olowa m'chitsulo cholimba cha galimoto osati mawaya kapena zingwe za mphira. Mukawerengera zonsezi ndalama yake si yamasewera, komanso iwo sanyamula anthu olipira. Musaiwalenso kuti mukasintha galimoto chonchi a Road Traffic atha kukuvutani pa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndipo a inshulansi akapeza thanki yomwe sanauzidwe atha kukana kulipira ngozi ikachitika. Ine kwanga ndikuti galimoto yonyamula anthu musaike thanki mkati, olo mkuluyo atakuchotserani mtengo.

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ine ndi mayi wa ana awiri, ndili ndi ka Vitz. Mwezi watha anandisinthira pampu ya mafuta pa galaja ina, kuyambira pamenepo ndikathira mafuta ambiri mkati mumamveka fungo la petulo makamaka kumbuyo komwe amakhala ana popita ku sukulu, wamng'onoyo amadandaula mutu. Nditabwerera anandiuza kuti fungolo litha lokha. Ndidikire? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Mayi musadikire, ndipo mawa anawo asakwere galimotoyo isanaonedwe. Fungo la petulo wotayika pokonza limatha tsiku limodzi kapena awiri, la mwezi wathunthu ndiye kuti pali pomwe pakutuluka.

Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri thanki imakhala kunsi kwa mpando wakumbuyo, ndipo kuti makaniko afike pa pampu samatsitsa thanki, amangochotsa mpando, pansi pake pamakhala kachivundikiro kachitsulo kozungulira kapena kangati mbale, akatsegula pamenepo ndiye waiona pampu pamwamba pa thanki. Kachivundikiro kameneka ndi mbali ya khoma lomwe ndanena pamwambapa, kamamatidwa ndi phula lakuda kapena kumangidwa ndi timasikuluwu. Ndiye pali zinthu ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri. Labala yozungulira pakamwa pa thanki pomwe pamakhala pampu, akaibwezera yakale yomwe yauma kale kapena akaipinda poika, mafuta amatuluka thanki ikadzaza, nchifukwa chake mukumva fungo mukathira ambiri. Kenako kachivundikiro kaja amangokasanjika osamata, ena amakaiwala pansi pa galaja.

Ndinalandirapo galimoto ina yangati yanuyi, mwini wake ankati mwina ndi chigubu chomwe ananyamula sabata yapitayo. Nditakweza mpando ndinapeza bowo lili pululu, chivundikiro kulibe, pamwamba pa thanki pali kadziwe ka petulo wosakanikirana ndi fumbi, siponji ya mpando kunsi kwake yanyowa yasintha mtundu, ndipo mawaya awiri a pampu anangowapotokola nkukulunga tepi yomwe petuloyo anali ataisungunula kale. Pa mpando umenewo panali botolo la madzi la mwana ndi nsapato imodzi ya sukulu. Tsiku limenelo manja anga ananjenjemera.

Nde pitani kwa makaniko wina, akweze mpando inu muli pomwepo muone ndi maso anu. Aike labala yatsopano, aone ngati mapaipi alowa bwino mpaka kumveka kuti thapu, mawaya akhale pa pulagi yake osati opotokola, chivundikiro chibwerere ndipo chimatidwe kuzungulira konse. Siponji ngati yamwa petulo ichotsedwe ikaume panja masiku angapo, ikapanda kusiya fungo isinthidwe. Popita kumeneko tsegulani mawindo onse ndipo wina asasute.

FUNSO: Ndinakwera minibasi ina kuchoka ku Lunzu, pafupi ndi mapazi a kondakitala panali chigubu cha malita 5 chokhala ndi paipi yolowa pansi pa mpando wa dalaivala. Nditafunsa anati thanki inabooka nde akuyendera chigubucho, akuti ambiri amatero palibe chimachitika. Anthu ena anandiseka kuti ndine wamantha. Kodi ndinalakwa kutsika? Mphunzitsi, Lirangwe.

YANKHO: Aphunzitsi simunalakwe, munachita bwino kwambiri ndipo mukadzaonanso mudzatsikenso. Zoti ambiri amatero ndi zoona, ndazionapo kambirimbiri, koma chakudza sichiimba ng'oma.

Minibasi zambiri zomwe tili nazo kuno, ma HiAce ndi zinzake, injini imakhala pansi pa mipando yakutsogolo. Chomwe chimalekanitsa injini yotentha ndi anthu ndi chivundikiro chachitsulo chokhala ndi labala m'mbali mwake. Kuti paipi ya chigubu ifike ku injini ndiye kuti chivundikirocho achisiya chosatseka bwino kapena aboola, khoma labooka pamenepo, ndipo mafuta ali mbali ya anthu m'chigubu chapulasitiki chopanda chotsekera chenicheni, chongotsekedwa ndi kansanza. Dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi chigubu chigwa. Injini ikabwezera moto kapena paipi ikavuka nkuthira mafuta pa ekizozi, moto utsata paipiyo mpaka pa chigubu. Choipitsitsa ndi malo ake, chigubucho chili pakhomo penipeni, khomo limodzi lomwe anthu onse akumbuyo amatulukira, ndipo tonse tikudziwa kuti zitseko zina zimatseguka ndi kondakitala yekha amene amadziwa pokankha.

Pali ngozi ina yomwe imandibwerera ndikaona zoterezi. Pa 14 May 1988 pafupi ndi Carrollton ku Kentucky, America, basi ya tchalitchi yomwe kale inali ya sukulu inkabwerera usiku ndi achinyamata, munali anthu 67. Inawombana ndi pikiapu ya munthu woledzera yemwe ankayenda mbali yolakwika ya msewu. Kuwombanako sikunaphe munthu m'basimo, koma thanki ya petulo yomwe inali chakufupi ndi khomo lakutsogolo inabooka, moto unatseka khomolo, mipando inayaka nkutulutsa utsi wakupha, onse anathamangira kakhomo kamodzi kakumbuyo nkupanikizana. Anafa anthu 27, ambiri mwa iwo ana. Moto wa m'galimoto umapha choncho, utsi ndi kusowa potulukira, nthawi yothawira imakhala yochepa kwambiri.

Kwa eni minibasi amene mukuwerenga, thanki yobooka imasinthidwa, za magalimoto ophwasula zimapezeka. Koma chonde musapite nayo kwa wowotcherera kuti aiwotche ili choncho poti mwakhuthula mafuta, thanki yopanda mafuta koma yodzaza nthunzi ndi imene imaphulika, anyamata ambiri avulala nkhope ndi manja chifukwa cha zimenezi.

FUNSO: Bwana ine ndili ku Joni, ndimagwira ntchito pa galaja ku Johannesburg ndipo ndagula BMW 325i yakale ija amati Gusheshe, ndikufuna ndizipanga nayo spinning, masewera ozunguza galimoto pamalo amodzi matayala akufuka utsi. Ndachotsa mpando wakumbuyo, thanki yakale inachita dzimbiri nde ndagula fuel cell, thanki yapadera ya magalimoto a mipikisano, ndiika m'buti. Anzanga ena akuti nditchinge ndi aluminiyamu ena akuti chitsulo ena akuti zilibe ntchito poti buti ndi yotseka kale. Zoona ndi ziti? Mnyamata wa ku Nkhotakota, ali ku Joni.

YANKHO: Mphwanga, amene akuti buti ndi yotseka kale auze alowe m'butimo masana, iwe utseke, aone kuwala komwe kukulowa kuchokera mkati mwa galimoto. Kumeneko ndiye kuyesa kwabwino ndipo ndikufuna uchitedi, kapena usiku uike tochi yowala m'buti iwe ukhale mkati. Paliponse pomwe kuwala kwadutsa, petulo ndi moto zidutsanso. Uona mabowo a masipika pa shelefu ya pansi pa galasi lakumbuyo, mabowo a mawaya, a malamba a mipando, timipata ta m'makona pamwamba pa matayala, ndipo poti wachotsa mpando palibenso chotchinga mabowo a kuseri kwa mpandowo.

Nde khoma likufunika, kuseri komwe kunali mpando ndi pa shelefu pomwe, ziwiri zonsezi. Malamulo a mipikisano pafupifupi kulikonse amafuna zimenezi thanki ikakhala m'buti, khoma loti moto usadutse komanso madzimadzi asadutse. A NHRA omwe amayendetsa mipikisano ya drag, yothamangitsa magalimoto pa kamsewu kowongoka kakafupi, ku America amalola chitsulo chosachepera pafupifupi mamilimita 0.6 kapena aluminiyamu wa pafupifupi 0.8, koma amenewo ndi malire apansi, ndipo iwe ufunse malamulo a komwe ukaseweretse galimotoyo usanadule chilichonse. Ukandifunsa ine ndikuti chitsulo cha milimita imodzi. Aluminiyamu ndi wopepuka komanso wosavuta kupinda, koma amasungunuka pa madigiri 660 pomwe moto wa petulo umadutsa 800 mosavuta, chitsulo chimapirira mpaka kupitirira 1,400. Kulemera komwe upulumutse ndi aluminiyamu ndi makilo ochepa chabe, pa spinning sungawamve nkomwe. Faibala, pulasitiki ndi matabwa iwala.

Podula yamba ndi katoni, uyese bwino mpaka ikhale ndendende kenako ujambule pa chitsulo. Ukawotcherera ndi bwino kwambiri koma fuel cell ndi mapaipi onse zikhale zili kunja kwa galimoto nthawi imeneyo. Ukamanga ndi mariveti akhale achitsulo, oyandikana, ndipo m'mphepete monse upake sealant, phala lomatira mipata, yolimbana ndi moto, osati thovu lija lofufuma la m'chitini lomwe amatsekera mafelemu a zitseko, wamba lija limayaka koopsa. Waya aliyense wodutsa pakhomalo adutse pa labala yake yothina kuti chitsulo chisamudule.

Chinthu china chomwe anzakowo sanakuuze, 325i imeneyo batire yake imakhala m'buti momwemo. Batire ndi thanki m'chipinda chimodzi ndiye sipaki ndi nthunzi zakumana. Batire ilowe m'bokosi lakelake lotseka, yomangidwa zolimba, mutu wa positive wovindikira, ndipo uike switch yozimitsa magetsi onse pomwe dzanja lako lifika uli pa mpando womanga lamba. Fuel cell ipumire panja. Mapaipi a mafuta adutse kunsi kwa galimoto, ngati adutsa mkati akhale achitsulo opanda polumikiza paliponse m'chipinda chomwe ukhala iwe.

Khomali silizimitsa moto, ntchito yake ndi kukugulira nthawi yomasula lamba nkutuluka. Dalaivala wina wotchedwa Romain Grosjean pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One ku Bahrain mu November 2020 galimoto yake inaduka pakati nkuyaka, anakhala m'moto masekondi pafupifupi 28 ndipo anatuluka atapsa manja, iyeyo atavala zovala zosagwira moto thupi lonse, madokotala ndi ozimitsa moto ali pompo. Iwe ukhala utavala jini ndi sikipa, mwinanso mnzako atakhala pambali. Gula chozimitsira moto cha ufa cha makilo awiri, uchimange pa bulaketi pafupi ndi mpando wako osati m'buti komwe kuli motowo.

FUNSO: Yanga ndi pikiapu ya dizilo yokhala ndi canopy, ndimanyamula zigubu za dizilo wa ku chigayo kumbuyo pamodzi ndi antchito anga. Poti dizilo sayaka ngati petulo, palibe vuto eti? Wachigayo, Mponela.

YANKHO: Bambo, ndi zoona kuti dizilo ndi wofatsa, amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yoyaka, nchifukwa chake samayaka msanga ngati petulo. Koma akatayikira pa ekizozi yotentha, kapena akanyowetsa matumba ndi zovala, amayaka bwinobwino ndipo akayaka kuzimitsa kwake nkovuta, utsi wake wakuda bii. Pa pikiapu inu muli ndi mwayi, kebini ndi yapayokha ndipo khoma lachitsulo lilipo kale pakati pa inu ndi katundu. Vuto ndi loti antchito anuwo mwawaika mbali ya mafuta, mkati mwa canopy yomwe chitseko chake nthawi zambiri chimatsegulidwa ndi munthu amene ali panja basi. Galimoto ikagwa chammbali chigubu cha malita 20 chimalemera pafupifupi makilo 17 kapena 18, chiwaphwanya miyendo chisanatayike nkomwe.

Pangani maulendo awiri, kapena antchito akwere kutsogolo amene akwana, otsala apeze njira ina. Zigubu zikhale zopangidwira mafuta zotseka ndi chotsekera chake chokhala ndi labala, osati za mafuta ophikira zotseka ndi jumbo, musadzaze mpaka pakamwa poti mafuta amafufuma akatentha, muzimange ndi chingwe cholimba ku zitsulo za m'mbali zitaima chilili, chakutsogolo kufupi ndi kebini osati ku chitseko chakumbuyo. Pothira muzitsitse pansi kaye, makamaka tsiku lomwe mwatumidwa petulo wa jenereta, ndipo musasakanize zigubu za petulo ndi za dizilo poti dizilo wothiridwa m'chigubu chotsalira petulo amayamba kugwira moto msanga ngati petulo yemwe. Moto wa mafuta musathire madzi, amangowamwaza motowo nkufalikira, gwiritsani chozimitsira cha ufa kapena mchenga, ndipo chozimitsiracho muziyang'ana kamuvi kake kamodzi pa mwezi kuti kakadali pobiriwira.